Nyanja Imafika Kuno Itatopa

Dziko lathu la Moçambique limatchuka kunja ndi kamarau. Mukakumana ndi munthu wa ku Lilongwe kapena wa ku Johannesburg, mukangomuuza kumene mumachokera, nkhope yake imawala, n'kuyamba kukusimbirani za kamarau wootcha wa piripiri amene anadya ku Beira kapena ku Maputo. Ife a ku Angónia timangomwetulira. Tingamuuze bwanji kuti kwathu kuno anthu ambiri anabadwa, anakula, anakwatira mpaka kumera imvi asanakaonepo kanyama kameneka? Kwathu n'kwa mbatatesi, nyemba, chimanga, kabichi, ndi chisanu cha mu Juni cholowa m'mafupa.

Kuchokera ku Beira kufika ku Tete pali makilomita pafupifupi 600. Kuchokera ku Tete, kuwoloka Zambezi, kudutsa Moatize, kukhota pa Mussacama n'kuyamba kukwera mapiri mpaka ku Ulongwe, pali enanso oposa 200. Mbali yaikulu ya ulendowu ndi ya m'chigwa chotentha, kumene madzi a m'botolo amafunda ngati a tiyi. Chilichonse chochokera m'nyanja yamchere chimafika pa mbale yathu chitayenda mtunda wonsewo. Nyanja ya Malawi ndiye ili pafupi: munthu wochoka ku Calomué m'mawa, n'kutsika phiri ndi msewu wa ku Golomoti, masana akhoza kukhala akutsuka mapazi m'madzi ake. N'chifukwa chake usipa timaudziwa ngati mbale wa bere limodzi, pamene kamarau ali ngati mlamu wa kutali amene timangomva mbiri yake.

Komanso tisaiwale kuti nsomba imene si kale kwenikweni pamene inalowa m'miphika ya ena mwa ife. Angoni a Maseko atakhazikika m'munsi mwa phiri la Domwe cha m'ma 1870, anabwera ndi mwambo wa kummwera wosadya nsomba. Ndiwo za mwamuna zinali nyama ndi mkaka. Agogo anga aamuna ankati nsomba ndi njoka ya m'madzi, ndipo mbale imene mwadyeredwa nsomba sankafuna kuti iyandikire pamphasa pawo. Achewa amene Angoniwo anawapeza kuno ankavuula milamba ndi matemba mu Lifidzi ndi mu Mawe, osaona vuto. Mitundu itakwatirana, mphika wa mkazi unayamba kugonjetsa mwambo wa mwamuna, pang'onopang'ono, popanda mlandu wa pabwalo.

Kwa ife a msinkhu wanga, chimene chinamaliza nkhaniyi ndi nkhondo. Tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu tili ana. M'misasa tinkalandira ufa, nyemba kapena nandolo, mafuta pang'ono ndi mchere. Nyemba lero, nyemba mawa, nyemba mkuja. Mayi ankabisa kambale ka ufa n'kukasinthanitsa ndi kamulu ka usipa pamsika wa Lizulu. Agogo aja ankadya nsima yawo ndi nyemba atatembenukira kumbali. Tsiku lina madzulo, osanena kanthu, anatambasula dzanja n'kutola kausipa kamodzi m'mbale mwa ana. Palibe amene anaseka, palibe amene anayang'ana mnzake. Kuyambira tsiku limenelo mayi ankawapatulira kawo m'kambale kovundikira, ndipo dzina la ndiwozo silinkatchulidwa.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera, n'kupeza minda itasanduka tchire. Pamene misika inkadzuka, kunatulukira nsomba ziwiri zimene lero mwana aliyense amaziyesa za makolo. Yoyamba ndi kapenta. Kansomba kameneka kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika. Anakakatenga kumeneko mu 1967 ndi 1968 n'kukakathira m'damu la Kariba, ndipo kenaka kanatsika kokha ndi Zambezi mpaka kudzaswana mu Cahora Bassa, damu la m'chigawo chathu chino limene linatsekedwa mu 1974. Amakagwira usiku ndi nyali, kukathira mchere n'kukayanika. Yachiwiri ndi kalapau, amene ambiri amamuyesa wa ku Beira poona kuti amabwera ndi magalimoto ochokera kumunsi. Kalapau wambiri amene timadya ndi wa ku Namibia, wa m'madzi ozizira a Atlantic, mbali ina ya Africa. Tsono taonani: agogo ankati nsomba ndi njoka, mayi ankati kalapau ndi nsomba yonunkha filiji, ana anga akuti Lamulungu lopanda kalapau si Lamulungu. Ine ndikamva munthu akunena kuti lula kapena nkhanu ya m'nyanja “si zakudya zathu,” ndimamufunsa kuti zathuzo zinayamba chaka chanji.

Ntchito yanga ndi ya pakamwa. Pa wailesi yathu ndimayendetsa pulogalamu ya za msika ndi zakudya, ndipo zaka zingapo zapitazi ndinayambitsamo kagawo koyendera malo odyera: mabaraka a mumsika, makiyosike a pamalire, mapensau a mu vila. Ndimadya, ndimalipira ndekha chifukwa mbale yaulere imamanga lilime, kenaka ndimadzafotokozera omvera zimene ndapeza. Ku Maputo wolemba nyuzipepala akhoza kunyoza malo odyera n'kupita kwawo kukagona, mwini malowo osamudziwa ndi nkhope yomwe. Kuno sizitheka. Mayi amene ndinganene kuti nsima yawo inali yosapsa, Lamulungu tikumana pakhomo la tchalitchi, mwana wawo ali kalasi imodzi ndi wanga, ndipo tsiku la maliro kwathu ndi omwewo adzasonkhe moto. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Nanga mwini mlomo womveka mpaka ku Domwe ndi kutsidya kwa malire atani? Ndinadziikira lamulo: malo abwino ndimawatchula dzina pa wailesi, malo oipa ndimapita kuseri kwa baraka n'kukauza mwini wake pamaso. M'kabuku kano sinditchula aliyense, chifukwa mawu a pa wailesi amapita ndi mphepo pamene olembedwa amakhala, ndipo baraka loipa chaka chino likhoza kukonzeka chaka chamawa.

Koma munthu sangaweruze mphika wa mnzake iye asanaupsereze dzanja wake. Choncho zachilendozi ndinayamba kuziyesa kunyumba, mothandizana ndi mayi a kunyumba, ngakhale anzanga ena ankandiseka kuti Mngoni wathunthu wagwira chipande.

Choyamba chinali tepwe. Ameneyu ndi kamarau wamng'ono kwambiri, wouma, wofiirira, wosaposa chikhadabo cha mwana. Amachokera kugombe la Sofala ndi Zambézia, ndipo amalonda amamugulitsa poyeza pa kapu. Fungo lake likakulandirani koyamba mumabwerera m'mbuyo. Mayi a kunyumba atangonunkhiza anati, “Bambo, zimenezi zikagone kukhonde, m'khitchini mwanga ayi.” Anthu a kugombe amaphika matapa, ndiye kuti chigwada chosinja, nsinjiro ndi mkaka wa kokonati, n'kuponyamo kamarau kapena nkhanu. Kuno kumapiri chinangwa n'chosowa, ndipo kokonati akafika amakhala atakwera mtengo, mwinanso atauma madzi. Ndiye tinachita zathu. Tinatenga nkhwani wanthete wosadzula bwino, ndi tepwe wodzaza dzanja limodzi. Tepweyo mumayamba mwamupeta kuti mchenga uchoke, kumutsuka kawiri ndi madzi ofunda, kenaka kumukazinga m'phale popanda mafuta mpaka fungo lakuthwa lija litasanduka lonunkhira ngati mtedza wokazinga. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mukadumpha kukazingako, nyumba yonse inunkha doko. Theka mumasinja mumtondo pamodzi ndi nsinjiro, theka mumalisiya lathunthu. Matimati awiri, anyezi mmodzi. Mchere musathire musanalawe, popeza tepwe amabwera ndi wake.

Thendo limene linatuluka pamenepo linali nkhwani yemweyo amene tinakulira, koma wokhala ndi kukoma kwina kwa pansi, kokhala ngati mwaphikiramo nyama imene simukuiona. Apongozi anga sitidyera pamodzi, mwambowo mukuudziwa, koma mbale imene inapita kwa iwo inabwerera yoyera ngati yotsuka, ndi uthenga wakuti, “Mukawafunse bambo a anawo, m'ndiwo zija athiramo chiyani?” Kapu imodzi ya tepwe imatikometsera miphika inayi kapena isanu. Safuna magetsi, safuna filiji. Mumamuika m'chitini chotseka bwino, n'kukhala miyezi. Lero chitinicho chinachoka kukhonde, chili pa shelefu ya pamwamba, pafupi ndi mchere.

Chachiwiri ndinachiphunzira kwa nkhalamba ina imene inkaphikira ansembe ku mishoni nthawi ya Apwitikizi. Apwitikizi amakonda bacalhau, nsomba ya m'nyanja zozizira za ku Norway imene amaithira mchere n'kuiumitsa mpaka kulimba ngati thabwa. Mawu akuti bakayawo, amene anzathu a kutsidya amatchulira nsomba yamchere, anachokera pamenepo. Bacalhau weniweni mukhoza kumuona m'masitolo aakulu a ku Tete nyengo ya Khirisimasi, koma mtengo wake ndi wongoyang'ana n'kupitirira. Mkuluyo anandiseka: “Mwana wanga, ukafunirenji nsomba ya ku Norway pamene pende wa ku Chicoa ali pamsika pompano?” Ankanena chikowa, pende wa mu Cahora Bassa wong'amba pakati n'kumuthira mchere, amene timamudziwa tonse ndipo amapita mpaka ku Congo.

Kaphikidwe kake nkaka. Chikowa mumachiviika madzulo, kusintha madzi katatu, kuti mchere utsike. M'mawa mumachiwiritsa pang'ono, n'kukhala pansi kuchotsa khungu ndi minga. Pamenepa pamafunika mtima wodekha, chifukwa pende ali ndi timinga tambiri tobisala, ndipo kamodzi kokha kotsalira kakhoza kuwononga phwando. Mnofuwo mumaunyenya ndi zala. Mbatatesi mumaidula yopyapyala ngati timitengo ta machesi n'kuikazinga payokha. Mumphika wina mumafewetsa anyezi wambiri ndi adyo m'mafuta, kuthiramo nsomba ija, kenaka mbatatesi. Mukatero mumaphula mphika pamoto, ndiye n'kuthiramo mazira omenya, n'kutakasa msanga. Mazira asaume, akhale onyowa ngati akuti amange zonsezo pamodzi. Ku Lisboa chakudya chimenechi amachitcha bacalhau à Brás. Mkulu uja anati ansembe ena ankadya cha chikowa osazindikira kusiyana, ena ankazindikira koma ankapempha china. Ine bacalhau wa ku Norway ndinamulawapo kamodzi ku Tete, ndipo ndinena mosaopa kuti ndi mbatatesi yathu yokumba dzulo, ya ku Tsangano kapena ya ku Domwe, chikowa sichichita manyazi. Vuto linali limodzi: nditaika mbale patebulo ana anadikira, n'kufunsa kuti nsima ili kuti. Ndinawauza kuti Apwitikizi amadya choncho. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti lero tigona ndi njala. Mayi awo anatereka madzi, ndipo chakudya cha ku Lisboa chinadyedwa ngati ndiwo.

Pa lula sindikhalitsapo. Ndi kanyama koyera kooneka ngati kathumba, miyendo yake ili kumutu. Mnzanga woyendetsa galimoto ya katundu anandibweretsera mu kolimani yodzaza ayezi. Lula ali ndi lamulo limodzi: moto waukulu mphindi ziwiri, kapena moto wochepa pafupifupi ola lathunthu. Pakatikati pamenepo mutafuna chubu cha njinga. Tinasankha ola, ndi matimati, adyo ndi piripiri. Anafewa, msuzi unakoma. Ana anamwa msuzi okhawo n'kukankhira timizere toyera tija m'mbali mwa mbale, wamng'ono akufunsa kuti ndi nsomba yanji yopanda minga, yopanda maso. Ndalama imene ndinabwezera mnzangayo ikanagula nkhuku yachikuda n'kutsala ya makala.

Nkhanu ndiye imandiseketsa. Tili anyamata tikuweta ng'ombe tinkagwira nkhanu pansi pa miyala m'timitsinje n'kuziotcha pamoto wa ziputu. Zinali zakudya za abusa, ndipo ukafika kumudzi sunkanena. Lero mbale wake wamkulu wa m'matope a kugombe la Quelimane akafika pa tebulo la nsalu yoyera, amadyedwa ndi mabwana, ena atapachika kansalu pakhosi. Nyama ndi imodzimodzi, yoyenda cham'mbali. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti nkhanu ikafa imawonongeka msanga kuposa nsomba. Kugombe amaigulitsa yamoyo, yomanga zala ndi luzi. Munthu akakubweretserani yakufa kale, yosauma ndi ayezi, muthokozeni n'kukaikwirira.

Tsopano za malo odyera. Mu vila muli malo ena okongola, a matebulo a nsalu, wailesi yakanema pakhoma, ndi mndandanda wa zakudya wolembedwa m'Chipwitikizi. Pamndandandapo pali kamarau. Ndinaitanitsa. Mtengo wa mbale imodzi unali wa ndowa ziwiri za mbatatesi. Anabwera asanu ndi mmodzi, atagona pa mpunga, atamizidwa mu adyo ndi mandimu. Mitu inali yakuda, ndipo mnofu, umene umayenera kukhala wolimba wodumpha pa dzino, unkaphwanyika ngati phala. Wophika sanalakwe kwenikweni. Kamarau ameneyo amaitanitsidwa mwina kamodzi pa mwezi, ndiye paketi imagona m'jeleira miyezi. Magetsi akazima amasungunuka, akayaka amaumanso, kenaka kusungunukanso. Ayezi akamapangika kachiwiri ndi kachitatu amang'amba mnofu mkati, madzi ake n'kutayika, ndipo nthawi iliyonse imene wafunda tizilombo timapeza mpata. Adyo wambiri uja anali bulangete lofunditsa maliro.

Ndinapita kuseri monga mwa lamulo langa. Ndinati, “Patarau, mbuzi yanu yootcha ilibe inzake mu vila muno, nkhuku yanunso chimodzimodzi. Kamarauyu mukumusungiranji? Bwanji osamuchotsa, kapena kumaphika pokhapokha galimoto ikabwera?” Anandiyankha mosabisa: “Achimwene, malo opanda kamarau pa mndandanda anthu amawayesa baraka wamba.” Ndinamvetsa. Kamarauyo sali pamenepo kuti adyedwe. Ali ngati maluwa a pulasitiki a patebulo. Koma maluwa a pulasitiki sadwalitsa munthu. Pa wailesi ndinatama mbuzi yawo ndi mtima wonse, za kamarau osatchulapo, ndipo amene amandimvera nthawi zonse amadziwa kuti chimene sindinatchule ndi chimene sayenera kuitanitsa.

Malo amene ndimawaika patsogolo pa onse alibe dzina lolembedwa, alibe ndi chitseko chomwe. Ndi mabenchi atatu mkati mwa msika, pansi pa malata, kwa mayi ena achikulire amene amaphika ndi mdzukulu wawo. Iwo alibe filiji, ndipo mphamvu yawo ili pomwepo. M'mawa uliwonse amapita kusitolo kukagula kalapau wokwanira tsikulo, akadali gwa ngati mwala. Amamusungunula m'madzi ozizira pamthunzi, kumutumbula, kumuchekacheka m'mbali, mchere, adyo, ndimu, n'kumuponya m'mafuta otentha bwino. Khungu limatuluka lokhirichika, mkati moyera mofewa. Pambali pake msuzi wa matimati wopsa mpaka mafuta kuyandama, kove wosapsetsa, ndi nsima ya ufa woyera yoti ukaitema imatuluka nthunzi. Mu Juni amakuthirirani madzi ofunda osamba m'manja kuchokera m'jagi, osati beseni limodzi la anthu onse. Ikamakwana 1 koloko nsomba yatha. Mukafika mochedwa amakuuzani, “Yatha bambo, kwatsala nyemba,” ndipo sapita kuseri kukafukula ya dzulo. Ndinawafunsa tsiku lina chifukwa chake sagula katoni yathunthu, poti imatsika mtengo. Anati, “Ndikaisunga kuti? M'mimba mwa anthu?”

Ku Calomué kudya n'kwa anthu apaulendo. Madalaivala a magalimoto aakulu akudikira mapepala, osintha ndalama, anyamata a njinga zamoto, onse amazungulira ziwaya. Mumalipira metikali kapena kwacha, ndipo wogulitsa amawerengera m'mutu msanga kuposa foni. Nsomba ya kumeneko ndi ya ku nyanja ya Malawi: usipa, utaka, nthawi zina mcheni wowamba. Mafuta a m'ziwaya zambiri ndi akuda ngati a injini, ndipo zimenezi ndinawauza eni ake mmodzimmodzi. Koma pali mnyamata wina amene amaphika usipa wofutsa mwa njira imene ndinaitengera kunyumba. Amaudula mitu, kuuviika pang'ono m'madzi otentha kuti kuwawa kuchoke, kuukazinga mpaka kuuma, ndiye n'kuthira anyezi, tsabola wobiriwira ndi matimati ochepa kwambiri, pomaliza kufinyira ndimu. Suyandama m'madzi ngati wa m'mabaraka ena, kumene usipa khumi umasambira m'chidebe cha msuzi. Ku Lizulu, kumene msewu wa tala ndiwo malire, mukhoza kugula usipa mbali ya Malawi n'kuwoloka mapazi khumi kukagula matimati mbali ya Moçambique, ndiwo za mayiko awiri mumphika umodzi.

Nkhani imene inandivuta kwambiri pa ntchito imeneyi inachitika nyengo yotentha, mvula isanagwe. Anthu angapo amene anadya kalapau pa baraka lina anayamba kufiira nkhope, kuyabwa thupi ndi kupweteka mutu, ola lisanathe chidyereni. Ena anatsegula m'mimba. Palibe anamwalira, ambiri anachira tsiku lomwelo, koma mbiri inathamanga kuposa matendawo. Ena ankati mayi wa barakalo amathira mankhwala okokera makasitomala ndipo tsikulo anapyoza muyezo. Ena ankati mnzake wansanje anamuthirira chiphe mumphika. Mafoni anayamba kulira ku wailesi: mutchuleni dzina, anthu adziwe. Mayiyo ndi wamasiye, ana ake amaphunzira ndi ndalama ya mbale zomwezo. Komanso amene anadwala ndi anthu, ndipo mawa akanadwala ena. Ikaola imodzi zonse zaola: sabata imeneyo amayi onse ophika nsomba mumsika anabwerera kunyumba ndi miphika yodzaza, ndi a mabenchi atatu aja omwe.

Ndinapita kukawaona madzulo, baraka litatsekedwa. Sanabise. Anagula katoni yotsika mtengo kwa munthu amene anaibweretsa pamwamba pa chapa, padzuwa, kuchokera kutali. Inafika yofewa, wogulitsayo n'kuigoneka m'jeleira usiku kuti iumenso, m'mawa n'kuigulitsa ngati yabwino. Namwino wina amene ndimadziwana naye anandifotokozera kuti nsomba za mtundu wa kalapau zikakhala pofunda, tizilombo timapanga m'mnofu mwake poizoni wotchedwa histamine. Poizoni ameneyu sapsa. Mungakazinge, mungawiritse, mungaumitsenso, alipobe, ndipo nthawi zina nsombayo sinunkha n'komwe, imangoluma lilime ngati mwathira tsabola pamene simunathire. Panalibe mfiti, panalibe wansanje. Panali dzuwa ndi denga la chapa.

Loweruka lotsatira sindinatchule dzina la munthu. Ndinaitana namwinoyo, ndipo pulogalamu yonse tinakamba za mmene mungadziwire nsomba imene yasungunukapo. Yang'anani pansi pa katoni: mukaona ayezi wofiira, wa magazi amene anatsika n'kuumanso, ibwezeni. Nsomba zouma bwino zimakhala zowongoka, zolekana mosavuta. Zikakhala zopindika, zomatana chibulumwa chimodzi, zinafewapo panjira. Ikasungunuka, dinikizani ndi chala: yabwino imabwerera, yoipa imasiya dzenje. Maso olowa mkati, mimba yophulika, makha ofiirira ngati dothi, zonsezo ndi mboni. Mukaisungunula iphikeni tsiku lomwelo. Namwinoyo anawonjezera za kamarau ndi nkhanu, kuti pali anthu ena amene thupi lawo limadana nazo ngakhale zili zabwinobwino: milomo ikayamba kutupa kapena mpweya kubanika, musadikire kuti muone, thamangirani kuchipatala. Atatha kulankhula, wina anaimba foni n'kunena pa mphepo kuti mayi uja wandidyetsa chibanzi. Wina anaimba kuthokoza kuti dzulo lake anabweza katoni. Onse awiri ndimakumana nawo pamsika, ndipo woyambayo mpaka lero amandipatsa moni wa m'mphuno.

Mayi wamasiye uja anatsegulanso patapita masabata atatu. Masiku ano amaphika nyemba, nkhuku ndi zam'kati za mbuzi, ndipo kalapau amaphika tsiku lokhalo limene galimoto ya filiji yatsitsa katundu kusitolo, iye ataona ndi maso ake. Makasitomala ena anabwerera, ena ayi.

Pa zonse zimene ndalawa m'zaka zimenezi, za m'nyanja zimene zimakoma kuno ndi zimene zinavomera kuti ulendo ndi wautali: zamchere, zouma, zowamba, ndi kalapau amene sanasungunukepo chichokereni ku Namibia. Zimene zimayesa kufika ngati zatuluka m'madzi m'mawa womwewo ndi zimene zandikhumudwitsa, ndipo ndi zomwenso zimadula. Wofuna kamarau weniweni asunge ndalama ya basi, akamudyere ku Beira akuona madzi, ndipo apewe miyezi ya dzinja pamene boma limatseka usodzi wake kuti aswane.

Mwezi wathawu ndinapatsa mayi a mabenchi atatu aja kapu ya tepwe n'kuwafotokozera za kukazinga m'phale. Ananunkhiza, anakwinya nkhope, n'kukulunga m'nsonga ya chitenje osalonjeza kanthu. Sabata yapitayi ndinapeza nkhwani wawo wotendera wasintha, ndipo bambo wina wa ku Domwe wogulitsa nyemba anali akupempha kuti amuwonjezere. Anafunsa kuti muli chiyani. Mayiwo, akupakula, anangoti, “Nsinjiro za chaka chino, bambo.”